Funsani Anamwino: Pamzere wa kuchipatala amayamba kulowa ndani?

Mafunso a pa tsamba lino amayankhidwa ndi namwino yemwe anagwira ntchito m'zipatala za boma mpaka kupuma, ndipo pano amakhala ku Kasungu. Mayina a olemba makalata sitiwatchula.

FUNSO

Zikomo Anamwino. Ndine mayi wa ana anayi, kwathu ndi cha ku Santhe. Mwezi wa February mwana wanga wa zaka zitatu anatentha thupi usiku wonse, m'mawa n'kuyamba kusanza. Pa chipatala chaching'ono anamubaya chala n'kupeza malungo, koma anati mankhwala atha, tipite kwakukulu. Ndinagulitsa nkhuku ziwiri kuti ndilipire njinga yamoto. Titafika tinapeza mabenchi ali odzaza, anthu ena atagona pasimenti. Ndinakhala pamzere kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa. Chomwe chinandiwawa n'chakuti anthu atatu obwera pambuyo panga analowa ine ndikuona: mnyamata wotuluka magazi m'mutu, mayi wa kakhanda, ndi bambo wina wotchena yemwe anangopatsana moni ndi wapakhomo. Ife titalowa anatipatsa LA, koma mankhwala ena anati tikagule ku famase. Mwana anachira, tithokoze Mulungu. Koma sabata yomweyo mwana wa mlamu wanga anadwalanso, ndipo poti bambo ake ali pa inshuwalansi ya chipatala ya MASM kuntchito kwawo, anapita ku chipatala cholipira, ola lisanathe anali atabwerako. Kodi moyo wa ife osauka ndi wotchipa? Anzanga akuti ulendo wina ndidzangomufumbatitsa wapakhomoyo ya fanta. Ndichite zimenezo?

Mayi wodandaula, Santhe

YANKHO

Pepani mayi, munavutika. Ndakondwa kumva kuti mwana ali bwino.

Anthu atatu aja musawaike m'gulu limodzi. Awiri oyambawo analowa mwachilungamo. Wachitatuyo, ngati zinali monga mwafotokozeramu, anakuberani malo.

Mzere wa odwala mwadzidzidzi suyenda ngati wa kuchigayo, komwe wolawirira ndiye amayamba kugaya. Kuchipatala amayamba ndi amene imfa yamuyandikira. Kwa ana, njira imeneyi inakulira konkuno kwathu, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Dokotala wa ana Elizabeth Molyneux ndi anzake anaona kuti ana ambiri omwalira m'chipatala ankamwalira tsiku lomwe afika, ena asanaonedwe n'komwe. Anasintha kalandiridwe ka odwala, n'kuphunzitsa anamwino kusankha pakhomo pomwepo mwana yemwe sangathe kudikira. Imfa za ana ogonekedwa, zomwe zinali pakati pa 10 ndi 18 pa ana 100 alionse, zinatsika kufika pakati pa 6 ndi 8. Mu 2005 bungwe la WHO linasindikiza maphunziro amenewa ndi dzina loti ETAT, ndipo n'zomwe anamwino a m'maboma timaphunzira. Ana amagawidwa patatu: wolowa nthawi yomweyo, wopita kutsogolo kwa mzere, ndi wotha kudikira. Khanda losakwana miyezi iwiri likadwala siliikidwa kumapeto, chifukwa limatha kufooka ndi kutsirizika pa maola ochepa chabe. N'chifukwa chake mayi wa kakhanda uja anakudutsani.

Ine ndikamayenda m'mbali mwa benchi sindinkafunsa kuti mwafika nthawi yanji. Ndinkavundukula nsalu n'kuyang'ana pachifuwa ngati nthiti zikulowa m'kati popuma. Ndinkatambasula kadzanja kuti ndione chikhatho, chifukwa chikayera mbee ndiye kuti malungo amaliza magazi. Ndinkatsina khungu la pamimba n'kulisiya. Likachedwa kubwerera, madzi atha m'thupi. Kenaka n'kumuitana mwanayo dzina, kuona ngati atsegula maso. Zonsezi sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe. Mwana wolira mokuwa sankandiopsa kwambiri. Yemwe ankandithamangitsa mtima ndi uja wangoti zii kumbuyo kwa amayi ake, mutu utagwera kumbali, mayi n'kumayesa kuti wagona.

Vuto ndi lakuti tsiku lomwe anthu achuluka, woyenda m'mabenchiyo sapezeka. Namwino mmodzi yemweyo akuika diripi, akubaya jakisoni, akuthamangira ku labu kukafunsa magazi. Mwana yemwe anafika masana akutha kukhala tsonga akhoza kufika madzulo atafookeratu, popanda womuonanso. Apa ndiye pali mawu omwe ndikufuna muwasunge, inuyo ndi amayi onse owerenga tsamba lino. Tinaleredwa kuti pamaso pa akuluakulu sukweza mawu, umadikira akuitane. Ulemu umenewo ndi wabwino kumudzi, koma pabenchi ya chipatala wapha ana ambiri. Mwana akakomoka kapena kugwedezeka thupi, akamabanika, akakana bere kapena madzi, akamasanza chilichonse chomwe wamwa, akafooka moti sakudzuka mukamugwedeza, imirirani, mubereke, pitani pakhomo ndipo nenani mokweza chomwe mwaona: "Anamwino, mwana wanga wakomoka." Musanene kuti "ndachedwa" kapena "ndabwera kale", chifukwa aliyense pamenepo wabwera kale. Tchulani chizindikirocho. Namwino wophunzira bwino akamva mawu amenewo amasiya cholembera.

Wanu uja mwati ankasanza. Ngati ankabweza chilichonse, ndiye kuti sanayenere kukhala pamzere mpaka madzulo, chifukwa LA sakhazikika m'mimba mwa mwana wotero. Amafunika jakisoni wa artesunate. Sindikukudzudzulani ayi, palibe anakuuzani. Komanso kalata yomwe amakulemberani ku chipatala chaching'ono pokutumizani kwakukulu muziionetsa mukangofika, osaisunga m'buku la kuchipatala kudikira dokotala. Mwana wotumizidwa mwachangu amayenera kupita kutsogolo.

Akuluakulunso n'chimodzimodzi. Mayi woyembekezera yemwe akutaya magazi, kapena mutu ukumuwawa kwambiri maso akuchita chidima. Munthu yemwe pakamwa papindika mwadzidzidzi mkono n'kufooka. Wolumidwa ndi njoka. Womwa tameki kapena mankhwala opopera fodya, zomwe kuno ku Kasungu si zachilendo: onsewa sakhala pabenchi.

Tsopano za fanta zija. Ayi mayi, musapereke. Thandizo la chipatala cha boma munalipira kale kudzera m'misonkho, pa sopo, pa mayunitsi a foni ndi zina zomwe mumagula tsiku ndi tsiku. Ndipo taganizani yemwe mungamudumphe mukafumbatitsa: ndi mayi mnzanu yemwe analibe ndi nkhuku yomwe yoti agulitse, wabwera wapansi. Wapakhomo akazolowera kulandira amayamba kuyang'ana m'manja mwa anthu m'malo moyang'ana odwala, ndipo chaka chamawa ya fanta siikwananso. Sindikana kuti zokonderazi zilipo. Ndinaziona ndi maso anga, achibale a ogwira ntchito, anthu a maudindo, akulowera khomo lakumbuyo, ndipo zimanyozetsa anamwino ambiri omwe amagwira usiku wonse osakhala pansi. M'zipatala za boma muli ofesi yolandira madandaulo yotchedwa Hospital Ombudsman. Lembani tsiku, nthawi, ndi mbali ya chipatala komwe zachitikira. Ndikudziwa ambiri amaopa kuti akadandaula mwana wawo sathandizidwa. Ngati ndi choncho dikirani mutuluke kaye, kenaka pitani ndi mmodzi wa a komiti ya chipatala ya kwanuko, kapena auzeni amfumu. Wopempha ndalama poyera, nkhani yake ndi ya a Anti-Corruption Bureau.

Funso lanu lalikulu sindilizemba. Moyo wanu si wotchipa, koma momwe zinthu zilili m'dziko muno, wosauka amalipira ndi nthawi pomwe mnzake amalipira ndi khadi. Mwana wa mlamu wanu anaonana ndi dokotala thupi litangoyamba kutentha. Wanu anadikira usiku wonse kuti kuche, anapeza mankhwala atatha, anadikira kuti nkhuku zipeze wogula, n'kudzadikiranso pabenchi. Malungo ake anali amodzimodzi, koma wanu anawapatsa tsiku lathunthu loti akule. Kusiyana kwenikweni kuli pamenepo, ndipo kumayamba musanafike n'komwe pageti la chipatala.

Anthu onga mlamu wanuyo ndi ochepa zedi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pa anthu 100 alionse, omwe ali ndi inshuwalansi ya chipatala sapitirira awiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi apantchito za m'tauni. Otsala tonsefe timadalira boma ndi zipatala za mishoni. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 842,953 m'boma la Kasungu lokha, ndipo kuchoka nthawi imeneyo tachulukirachulukira, pomwe zipatala sizikukula mofanana ndi anthu. Chipatala chaching'ono chimodzi chikasowa mankhwala, anthu ake onse amakhamukira kwakukulu, n'kukadzaza benchi yomwe inayenera kukhala ya odwala kwambiri. Onjezani kuti February ndi pachimake pa dzinja, udzudzu uli ponseponse, m'nkhokwe mulibe kanthu, ana ambiri afooka kale ndi njala.

Mankhwala ambiri timagula kunja ndi ndalama zakunja, kudzera ku Central Medical Stores Trust. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama yomweyo inayamba kugula mankhwala ochepa. Mu 2001 atsogoleri a mayiko a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Kwathu kuno zaka zambiri sitifikapo. Ndalama zoposa theka zoyendetsera zaumoyo zakhala zikuchokera kwa mayiko ndi mabungwe otithandiza, ndipo dziko la America litadula thandizo lake mu 2025 tinaona tokha kuopsa kodalira thumba la mnzako. Chomwe chimandipweteka ine n'chakuti ambiri mwa omwe amagawa ndalamazi sanakhalepo pabenchi ija. Akadwala amakwera ndege kupita ku India kapena ku South Africa. Gawo 13 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati boma liziyesetsa kupereka chisamaliro chokwanira cha zaumoyo kwa anthu ake. Chipatala cha m'boma chili pansi pa khonsolo, ndiye khansala wanu ndi phungu wanu akabwera kudzachititsa msonkhano, nyamukani muwafunse kuti bwanji pa chipatala chanu chaching'ono panalibe LA mwezi wa February. Mkwiyo wanu ukafike kumeneko, osathera pa namwino wotopa yemwe wakuuzani kuti mukagule ku famase. Iye sangakupatseni chomwe pashelefu palibe.

Mlamu wanunso muwauze kuti nkhaniyi ikuwakhudza. Mwana wawo atati wafuna magazi, mpweya wa okosijeni kapena opaleshoni pakati pa usiku, zipatala zambiri zing'onozing'ono zolipira zimatumiza ku boma komweko.

Chomaliza, funsani ngati m'dera lanu muli mlangizi wa zaumoyo yemwe amachititsa kiliniki ya m'mudzi. M'madera akutali ndi chipatala alangiziwa amasunga zoyezera malungo, LA, Thanzi ORS ndi mankhwala a chibayo a ana osakwana zaka zisanu. Usiku mukasowa chochita, imbani 929, Chipatala Cha Pa Foni. Ndi ulere, ndipo amayankha m'Chichewa.

FUNSO

Anamwino, mng'ono wanga amagwira ntchito pa esiteti ina ya fodya. Anagwa pa ngolo ya thirakitala atanyamula nkhuni, fupa la pantchafu n'kuthyoka. Kuchipatala anagona pansi masiku awiri kusowa bedi, makina ojambulira anali atawonongeka, ndipo atanena zomutumiza ku Lilongwe anati ambulansi ilibe mafuta, tisonkhe. Bwana wake anangotipatsa K20,000 n'kunena kuti zake zatha. Abale ena akuti timutulutse tipite naye kwa asing'anga olumikiza mafupa. Tipange bwanji?

Bambo wa ku Chamama

YANKHO

Achimwene, poyamba penipeni: musamutulutse. Fupa la pantchafu likathyoka munthu amataya magazi ambiri m'kati mosaoneka, ndipo likalumikizana mokhota mwendo umafupika moyo wake wonse. Munthu wodya za khasu ndi mwendo wotero mukudziwa nokha mavuto ake. Ngati pali bala pomwe fupa linaboola khungu, mphini ndi mankhwala opaka zimalowetsa tizilombo m'fupa, ndipo ndinaonapo miyendo ikudulidwa chifukwa cha zimenezi. M'zipatala za m'maboma muli makiliniko ofisa omwe anaphunzira za mafupa okhaokha. Ambiri othyoka amathandizidwa ndi iwowa, ena pomangidwa chikhakha, ena pokokedwa mwendo ndi zolemera ali pabedi kwa milungu ingapo. N'kotopetsa, koma fupa limagwira. Ofunika chitsulo amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe tsopano kuli chipatala cha mafupa chotchedwa LION. Kumeneko musapite nokha opanda kalata yotumizira.

Za mafuta: wodwala wotumizidwa ndi chipatala cha boma sayenera kulipira ambulansi. Kusowa kwa mafuta n'koona, kumachitika, koma ndalama musapereke m'manja mwa munthu pakhonde. Pemphani kuonana ndi mkulu wa wodi, mumve kwa iye tsiku lomwe galimoto inyamuke, ndipo ngati mwaganiza zosonkha, pakhale risiti.

Koma yemwe ayenera kusenza katundu ameneyu ndi bwana uja. Lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito, Workers' Compensation Act la mu 2000, limati wovulala ali pantchito, womulemba ntchito ndiye alipire zofunika pa chithandizo chake, komanso chipukuta misozi ngati walumala. Zilibe kanthu kuti panalibe kalata ya ntchito. K20,000 siitseka nkhani. Pitani ku ofesi ya zantchito, ku leba, pa boma pomwe, musachedwe. Tengani buku la kuchipatala la mng'ono wanuyo, malisiti onse, ndi mayina a anzake omwe anaona ngoziyo. Pepala lililonse lomwe a pa esiteti angakupatseni kuti musaine kapena kudinda chala, musavomere musanalionetse ku leba. Ndimamva chisoni kuti anthu omwe fodya wawo amabweretsa ndalama zakunja zogulira mankhwala aja ndi omwenso amagona pasimenti akavulala.

Gadiyani wake azimutembenuza pang'ono ndi kumupukuta kumsana ndi m'matako tsiku lililonse, kuopa zilonda za pabedi. Ndipo ngati adokotala atchula za magazi, abale amphamvu musabisale. Magazi ambiri omwe a Malawi Blood Transfusion Service amatolera amachokera kwa ana asukulu, moti sukulu zikatsekera amasowa kwambiri.

FUNSO

Amayi, ndine mtsikana wa zaka 24, ndimagulitsa soya ndi mtedza pamsika. Ndili ndi pakati pa miyezi isanu, mimba yoyamba. Zomwe ndimamva za kudzaza kwa zipatala zikundiopsa. Kodi munthu wosalembedwa ntchito ngati ine angalowe inshuwalansi? Nanga ku mishoni amalipiritsa zingati?

Wa ku Mtunthama

YANKHO

Mwana wanga, kulowa n'kotheka, chifukwa MASM imalandiranso munthu payekha. Koma umafunika kulipira mwezi ndi mwezi osadumphitsa, ndipo pa zinthu zina, uchembere ukhala chimodzi mwa izo, pamakhala nthawi yodikira usanayambe kuthandizidwa. Pa mimba yomwe yafika kale miyezi isanu usaikepo mtima. Ukafuna kulowa chifukwa cha mtsogolo, kafunse bwinobwino zomwe amalipira ndi zomwe salipira, usanapereke ndalama.

Zipatala za mishoni, monga St Andrew's kwanu ku Mtunthama konko kapena cha ku Nkhamenya, zili pansi pa bungwe la CHAM ndipo zimalipiritsa. Komabe kuyambira 2006 boma lakhala likuchita mapangano ndi zipatala zambiri za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi makanda a m'dera lozungulira azithandizidwa ulere, boma n'kumabweza ndalamazo. Mapanganowa safanana, ndipo nthawi zina amaima boma likachedwa kulipira. Ndiye ulendo wotsatira wa kusikelo ukafunse maso ndi maso: mudzi wanga uli m'panganoli? Kuchira n'kwaulere? Nanga atati ndi opaleshoni? Nanga khanda likadwala? Ufunse pano, osati tsiku lomwe matenda ayamba.

Pa zomwe ndinaona pantchito, chomwe chimachedwetsa amayi ambiri si bilu ya chipatala koma ndalama ya ulendo. Ngati uli mu banki m'khonde, funsa za thumba la zadzidzidzi lomwe magulu ambiri amasunga padera, ndipo ngati gulu lanu lilibe, yambitsani. Pa phindu la soya uzipatulako pang'ono sabata iliyonse, ndalama yokwana kupita ndi kubwera usiku, poti usiku a kabaza amakweza mtengo. Usaiike mu katundu wa pamsika, ndipo amuna ako adziwe kuti si ya feteleza. Ya katapila ikakupeza uli pabedi imadya mpamba wonse. Sunga manambala a anthu awiri a njinga yamoto kapena galimoto omwe amayankha foni usiku, ndipo mmodzi wa kubanja adziwiretu kuti gadiyani ndi iyeyo.

Poti ndi mimba yoyamba, mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba kakambirane ndi azamba za kukadikirira ku chidikiro. Utenge buku lako la kusikelo, zitenje zochapa, beseni, ufa ndi nkhuni zokwanira. Ukaona magazi, madzi atayika, mapazi ndi nkhope zatupa, kapena mwana wasiya kugunda m'mimba, usadikire tsiku la sikelo, ndipo ukafika usakhale pamzere. Pita molunjika kwa azamba uwauze zomwe waona.